Galimoto Yokana Chitunda

Ndinanyamuka ku Biwi Lachisanu mbandakucha, chikwama cha zida kuphewa, kalata m'thumba la shati. Kalatayo inandipeza dzulo lake ku galaja, atabwera nayo dalaivala wa matola a ku Dowa. Inali papepala long'amba m'kope, zilembo zake zoongoka ngati za mphunzitsi, ndipo inkati: "Ambewe, ndamva kuti inu ndiye mumazidziwa galimoto zamakonozi. Yanga ili patsinde pa chitunda kupitirira Nachisaka. Ikayamba kukwera imafooka, kanyali kachikasu n'kumaphethira. Loweruka m'mawa iyenera kunyamula mwana wanga kupita naye kutchalitchi kukakwatiwa. Chonde bwerani. Ine Lufeyo."

Amene anamuuza munthuyu za ine sanamunamize. Ine ndine wa zamagetsi a galimoto. Masiku amenewo, patangopita zaka zochepa chiyambire za zipani zambiri, galimoto zogwirapo kale ntchito za ku Japani zinayamba kulowa m'dziko muno ngati ngumbi, ndipo zinabwera ndi tinyali tachilendo. Amakaniko anzanga ozolowera malole ndi mathirakitala akaona kanyali kakuyaka ankangochotsa babu, basi matenda atha. Ine ayi. Ndinali nditagwirako ntchito pa galaja yokonza galimoto za mabungwe, ndipo tinyali timeneti ndinkatimva chinenero chake. Mkazi wanga pondiperekeza pakhomo anati, "Munthu simukumudziwa, kumapiriko mvula yayamba, mukuthamangira chiyani?" Ndinamuuza kuti ndibwera Loweruka madzulo, thobwa la ukwati lili m'mimba.

Minibasi ya ku Lumbadzi inanditengera makwacha khumi, ndipo tinakhala anayi pampando wa anthu atatu. Pa Lumbadzi ndinamwa tiyi wa mkaka ndi sikono imodzi yolimba moti ukanatha kukhomera msomali. Cha m'ma seveni koloko ndinakwera matola, kapikiapu kotha mphamvu komwe chitseko chake chinali chomanga ndi mphira. Mtengo wokafika ku boma unali makwacha makumi awiri. Nditadandaula, dalaivala anati, "Achimwene, ino ndi demokalase, muli ndi ufulu woyenda wapansi."

Kumbuyo kwa kapikiapuko kunali nyumba ya malamulo. Abale, anthu tinali titangomasuka pakamwa, ndiye tinkalankhula ngati tikubweza zaka zonse tinakhala chete zija. Mayi wina anali atamanga m'chiuno chitenje cha chipani china, kumutu duku la chipani chinanso. Bambo wina wonyamula wailesi anawafunsa kuti kodi iwo ali mbali iti.

"Nsalu ilibe mlandu, bambo," anatero mayiwo. "Onse anandipatsa ulere. Voti yanga ndiye sanaione."

Tinaseka mpaka dalaivala anasuzumira pawindo. Koma titafika pa Dzaleka phokoso linazima lokha. Nthawi imeneyo malowo anali atasanduka kale msasa wa anthu othawa kwawo, ana akusewera mpira wachikulunga m'mbali mwa msewu, komabe mkulu wina amene anakhala pafupi nane anatsitsa chipewa n'kuyang'ana kumbali mpaka titapitirira. Palibe anamufunsa. Tonse tinkadziwa kuti kale malo amenewo anali ndende, ndipo dzina lake silinkatchulidwa mokweza.

Pa boma la Dowa tinafika teni koloko itakwana, fumbi lofiira lili m'makutu ndi m'mphuno. Ndinadya tchipisi cha pachiwaya chothira tsabola wambiri, kenaka ndinayamba kufunsa zopita ku Nachisaka. Basi kunalibe. Mwamwayi kunali lole yonyamula matumba a feteleza, ndipo mwini wake atamva kuti ndine wa zamagetsi anakana ndalama yanga. Anati ndingomuonera hutala yomwe inasiya kulira chaka chatha. Ndinapeza kuti waya wake unangothothoka. Nditaulumikiza, munthu uja anailiza hutalayo pa mbuzi iliyonse imene tinakumana nayo, ndipo mbuzi za kumeneko si zochepa ayi.

Msewu umenewo sufuna munthu wamantha. Umakwera, umatsika, umakhota pomwe sukuyembekezera, ndipo mvula ya chizimalupsa inali itakumba kale ngalande pakati pake. Ndili pamwamba pa matumba ndinkaona anthu akuunga mizere m'mapiri, ena akuthirira nazale za fodya kumadambo, zigafa zili mbuu kudikira nyengo yake. Kutsogolo phiri la Ntchisi linali litafunda mtambo. Ine kwathu ndi ku Mvera, mapiri sandiopsa, koma matako anga anali atazolowera tauni ndipo anadandaula njira yonse.

Lole inanditsitsa pa Nachisaka dzuwa lili paliwombo. Mayi wogulitsa masuku nditamufunsa za galimoto yowonongeka sanadikire kuti ndimalize. "Ya aphunzitsi othawa aja? Tsatani msewu womwewu, mukawoloka kamlatho ka mitengo muiona. Koma mwavutikiranji, bambo? Galimoto imeneyo anaimanga." Ndinagula masuku a kwacha imodzi n'kuyamba kuyenda. Unali ulendo wa ola limodzi ndi theka, chikwama chikundidya phewa.

Ndinaipeza pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi kagolosale ndi chisakasa cha munthu womata matayala. Inali galimoto yoyera, yaitali, yokokera kumbuyo, mipando yake yofewa ngati ya m'nyumba ya bwana. Kutsogolo kwake chitunda chinali chitaima njo, dothi lake lofiira la katondo, mbali imodzi khoma la phiri, mbali inayo chigwembe. Mwini wake anatuluka m'galimotomo atandiona. Anali bambo wa imvi, wowonda, tayi ali pakhosi ngakhale kunkatentha, ndipo maso ake ankaoneka kuti tulo sanationepo bwino masiku angapo.

"Ndinu Ambewe? Mulungu alemekezeke. Ine ndine Lufeyo."

Ndisanatsegule boneti ndinawauza kuti andifotokozere zonse, chifukwa galimoto imadwala ngati munthu, umayamba wafunsa wodwazika. Tinakhala pa benchi ya pagolosale. Anandiuza kuti kale anali mphunzitsi m'dera lomwelo. Nthawi ya chipani chimodzi wina anawanong'oneza kuti dzina lawo latchulidwa, ndipo anathawa osatsanzika, kusiya mkazi ali ndi pakati. Anakhala kunja zaka zoposa makumi awiri. Pobwera chaka chathachi anapeza mkazi wawo anamwalira kale, ndipo mwana uja, Esinati, ndi namwali wamkulu woti ali ndi chibwenzi cha ukwati. Anamulera ndi atsibweni ake, a Gidiyoni, mlongo wake wa malemuwo, amene nyumba yawo inali pamwamba pa chitunda chomwecho.

"Mukudziwa mwambo wathu, Ambewe," anatero. "Mwana ndi wa kwa amake. Mwini mbumba ndi a Gidiyoni. Nditafunsa kuti ine ndichitepo chiyani pa ukwatiwu, anandiyankha kuti mbuzi zilipo, chimera chilipo, diresi anasoketsa kale. Palibe chimene anandisiyira. Ndiye mwanayo anati, 'Ngati mukufuna, mudzanditenge pa galimoto kupita kutchalitchi. Koma ngati simudzabwera, neneranitu lero, ndisadzakudikireni.' Mawu amenewo anandilasa. Ndinalonjeza. Galimoto iyi ndagulira tsiku la mawa basi."

Anali atafika patsinde pamenepo Lachiwiri. Chakufupi ndi kamlatho kaja mwala unang'amba tayala la kumbuyo, ndipo lapadera anali ataligwiritsa kale ntchito panjira. Wamatayala uja anawapezera lina tsiku lotsatira. Kungochokera pamenepo galimoto inayamba kukana chitunda. Pamalo osalala inkayenda ndithu, koma ikangoyamba kukwera, kanyali phethi phethi, injini n'kufooka ngati wina waigwira pakhosi. Amakaniko awiri a m'deralo anali atayesa kale. Wina anasintha mapulagi. Wina anakhala theka la tsiku akufunafuna kabuleta m'galimoto yopanda kabuleta. A Lufeyo masiku onsewo ankagona m'galimoto momwemo. Kukwera chitundacho wapansi ankachita manyazi.

Kenaka anatsitsa mawu. "Ine ndinakulira pa mishoni, zinthu izi sindinkazikhulupirira. Koma anthu akunena, ndipo nanenso ndayamba kuganiza. Alamu angawo safuna kuti ndioneke pa ukwatiwu. Akufuna amutengere mwanayo pa ngolo yawo, anthu aone kuti bambo wake ndi wabodza ngati kale. Galimoto iyi aimanga ndi iwowo."

Ndinapsa mtima pang'ono, sindibisa. Ine ndayenda ulendo wonsewu ndi mita yoyezera magetsi kuti ndidzapikisane ndi nyanga? Ndinawauza kuti, "Bambo, nyanga siidziwa chinenero cha ku Japani. Dikirani muone."

Ndinawafotokozera mmene chinthucho chimagwirira ntchito, monga ndikufotokozerani inunso. Pa gudumu lililonse pali kachitsulo ka mano mano, ndi kachipangizo kowerenga manowo gudumu likamazungulira, ife timati sensa. Masensa anayiwo amatumiza uthenga ku kabokosi kamene kali m'kati. Kabokosiko kakaona kuti gudumu la kumbuyo likuthamanga kuposa a kutsogolo, kamadziwa kuti likuterereka, ndiye kamachepetsa mphamvu ya injini ndi kuligwira pang'ono ndi buleki mpaka litagwiranso nthaka. Kanyali kachikasu kaja kamaphethira pa nthawi imeneyo. Choncho galimoto ya a Lufeyo inkaganiza kuti ikuterereka pomwe sikuterereka. Chinachake chinkainamiza.

Ndinali wotsimikiza kuti ndi matope. Ndinaikweza pa jeke, ndinachotsa magudumu limodzi limodzi, ndipo ndithu masensa a kumbuyo anali atamatidwa katondo ndi tizitsulo. Ndinawatsuka ndi mswachi wakale ndi parafini wa m'golosale muja, ndinayeza mawaya onse, onse anali bwino. Anthu anali atasonkhana, azimayi ochokera kuchigayo atatula mitolo yawo kuti aonerere. Ndinapukuta m'manja monyadira n'kuwauza kuti aimirire patali. Ndinaliza injini, ndinaponda moto, galimoto inauyamba mtunda bwinobwino. Isanafike n'pakati pomwe, phethi phethi, mphamvu zii. Ndinabwerera chafutambuyo anthu onse akundiyang'ana. Mayi wina anasenza mtolo wake n'kunena mokweza kuti, "Wachitatu ameneyo."

Wagolosale anabwera ndi nzeru. Anati anamva kuti pali fyuzi yomwe ukaizula, chinthu chonsecho chimagona. A Lufeyo maso anawala. Zinali zoona, ndipo fyuziyo ndinkaidziwa pomwe ili. Koma ndinayang'ana mitambo yomwe inkaunjikana ku Ntchisi, ndinayang'ananso katondo uja ndi chigwembe cha m'mbali mwake. Galimoto yokokera kumbuyo pa katondo wonyowa imavina matako. Ndinawauza kuti ikagwa mvula, chinthu chomwe akufuna kuchiphachi ndicho chidzasunge mkwatibwi pamsewu, ndipo ine sindizula fyuzi pa galimoto yonyamula mwana wa munthu. A Lufeyo anangoti, "Nthawi ikutha, Ambewe." Inali itadutsa fili koloko.

Ndinakakhala pa mwala kumbuyo kwa galimotoyo n'kuyamba kudya masuku anga aja mokwiya. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikulavula nthanga yachitatu kapena yachinayi ndinaona kuti galimotoyo yapendekera pang'ono kumanzere, pamalo poti nthaka ndi yosalala. Ndinadzuka. Tayala latsopano lija ndinali nditaligwira ndi manja angawa, koma maso anga onse anali pa sensa. Zilembo za m'mbali mwake zinali zofufutika. Ndinapempha luzi kwa wagolosale, ndinazunguliza tayala la kumanja n'kumanga mfundo, kenaka ndinazunguliza la kumanzere. Luzi linatsala chikhatho chathunthu.

Ha! Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Tayala laling'ono limazungulira kambiri kuti lifike pomwe lalikulu lafika. Kabokosi kaja sikankalakwa kuwerenga ayi. Kankaona gudumu limodzi la kumbuyo likuthamanga kuposa anzake nthawi zonse, ndipo pachitunda, pomwe munthu umaponda moto kwambiri, kankati basi taterereka. Pa galimoto zathu zakale tayala linali tayala, bola lalowa pa limu ndipo likusunga mpweya. Wamatayala uja anachita zomwe wakhala akuchita moyo wake wonse.

Ndinamuitana. Anali bambo wachikulire wa manja akuda ndi guluu. Ndinamufunsa komwe analitenga tayalalo, poganiza kuti mwina kuli linzake la saizi yoyenera. Anayamba kukanda m'mutu. Ndinaliyang'anitsitsa tayalalo ndipo m'ming'alu yake munali ndowe youma.

"Ili ndi la ngolo," ndinatero.

"Anandiletsa kunena," anayankha akuyang'ana pansi.

"Ndani?" anafunsa a Lufeyo.

"A Gidiyoni. Atamva kuti mwaphulitsa tayala, Lachitatu m'mamawa anagwejemula la pa ngolo yawo n'kutsika nalo pamutu. Anati ndikuikireni, koma ndisakuuzeni, chifukwa mukadziwa kuti ndi lawo mukana. Ngolo yawo panopa ili pa miyala."

A Lufeyo anakhala pansi, padothi penipeni, ndi buluku lawo la suti. Munthu amene ankamunena kuti wamanga galimoto anali atathyola mwendo ngolo yake yomwe, imene ikanamunyamula mkwatibwi galimoto ikalephera. Tsopano galimoto ikapanda kukwera, Esinati akanayenda wapansi ndi diresi loyera ulendo wonse wa kutchalitchi. Ine ndinawamvera chisoni bambowo, komanso mumtima ndinati zawakwana, pakamwa pawo panathamanga.

Tayala la saizi yoyenera kunalibe kufupi konse, mwina mpaka ku Mponela, ndipo nthawi yopitira kumeneko inali itatha. Koma mankhwala ake ndinali nditawaona kale. Kabokosi kaja kamadandaula gudumu la kumbuyo likathamanga kuposa a kutsogolo. Ndinachotsa tayala la ngolo lija kumbuyo n'kuliika kutsogolo, la kutsogolo n'kulibweza kumbuyo, kuti awiri okokawo akhale ofanana. Ndinapopa onse anayi ndi pampu ya phazi mpaka thukuta kuti chururu. Si kukonza kwa mpaka kalekale, ndipo ndinawachenjeza a Lufeyo kuti aziyenda pang'onopang'ono mpaka atagula tayala lenileni m'tauni. Cha m'ma faifi koloko ndinaiyesa ndekha. Inadutsa pomwe inkafera paja osaphethira ngakhale kamodzi, ndinakafika pa kona yachiwiri n'kutembenuka. Potsika ndinafunafuna mayi wa "wachitatu" uja kuti andione, koma anali atapita.

Ndinawauza a Lufeyo kuti tikwere nthawi yomweyo akaonane ndi alamu awo. Anakana. Anati nkhope yawo siinakonzeke, akwera mawa pa nthawi imene analonjeza. Wagolosale anandipatsa mphasa m'chipinda chosungira katundu, ndipo ndinagona pakati pa makatoni a sopo.

Kutacha Loweruka mvula inali itagwa, yeniyeni, ndipo inali ikuwazabe. Walira mvula walira matope, koma ife sitinailire n'komwe. Chitunda chija chinkanyezimira ngati achipaka mafuta. Azimayi awiri a kwaya amene ankapita ku ukwati womwewo anatithandiza kumanga maluwa a mapepala pa boneti, tinawakweza kumbuyo kuti galimoto ilemereko. A Lufeyo anafuna kundipatsa makiyi. Ndinakana. Ndinati mwanayo analonjezedwa ndi bambo ake, osati ndi makaniko wa ku Biwi. Ndinakhala pambali pawo.

Tinauyamba mtunda seveni koloko. Pa kona yoyamba matako a galimoto anayamba kusuntha kulowera kuchigwembe, ndipo kanyali kaja kanayamba phethi phethi.

"Yayambanso! Ambewe, yayambanso!"

"Musachotse phazi! Pondani chomwecho, osawonjezera. Dzulo inkanama, lero ikunena zoona."

Pansi pathu pankamveka kugunda kwa buleki, gu gu gu, injini ikudzibweza yokha n'kudzipatsanso mphamvu. Galimoto inawongoka. Inakwera pang'onopang'ono ngati nkhalamba yodziwa njira, kuterereka pang'ono, kugwira, kuterereka, kugwira. Azimayi a kwaya aja anayamba ndi kukuwa, pofika pakati anali akupemphera, ndipo titatulukira pamwamba anayamba nthungululu. Ine manja anali atauma pogwira chitseko, koma nkhope ndinaisunga ngati munthu amene amachita zimenezi tsiku lililonse.

Pakhomo pa a Gidiyoni panali anthu ambiri, migolo ya thobwa ili pansi pa chisakasa. Pambali pa khola panali ngolo ija, mbali imodzi itatsamira pa mulu wa miyala. Mwini wake, a Gidiyoni, anali bambo wamfupi wa mapewa otambalala, jekete yake yothina m'khwapa. A Lufeyo anatsika, osatseka n'chitseko chomwe, anayenda m'matope mpaka pomwe anaima alamu awo, n'kugwada.

"Alamu, ndinakunenani zoipa kumusi kuja. Ndinati mwandimangira galimoto."

"Ndinamva," anatero a Gidiyoni. "Kuno mawu amakwera chitunda msanga kuposa galimoto. Dzukani, mukudetsa suti. Koma tayala langalo libwere Lolemba, ndili ndi manyowa oti ndituta."

Anawadzutsa ndi dzanja, ndipo sanalisiye msanga dzanjalo.

Kenaka mkwatibwi anatuluka m'nyumba, wina atamufunditsa ambulera. Anali wamtali ngati bambo ake. Diresi anali atalikwinyira m'mwamba ndi chitenje kuti lisakhudze matope, kumapazi atavala nsapato zakale za kumunda, zoyera za ukwati zili m'manja. Mwanayo anali atakonzeka kuyenda wapansi. Anaima pakhonde n'kuyang'ana galimoto, kenaka bambo ake, matope ali m'mawondo. A Lufeyo anangopita kukatsegula chitseko cha kumbuyo n'kuima pambali.

Esinati anayenda mpaka pa galimoto, anakhala pampando miyendo ili kunja, anavula nsapato za kumunda zija n'kuziika pansi. Anavala zoyera. Atatero anakweza maso.

"Mwabwera," anatero.

"Ndabwera, mwanawe."

"Tiyeni ndiye, bambo, tichedwa. Atsibweni akhale kutsogolo."

Malo anga m'galimoto anathera pomwepo, ndipo sindinadandaule. Ndinawauza a Lufeyo kuti potsika agwiritse giya yoyamba, asaponde buleki mwadzidzidzi. Galimoto inanyamuka pang'onopang'ono, kwaya ikuimba pambuyo pake, ine ndili pakati pa azimayi ndi chikwama changa cha masipanala. Ndinalira, ndikuuzeni zoona, ndipo mayi wina anandibwereka kansalu osandifunsa kanthu.

Thobwa ndinamwa makapu atatu. Masana ndinapeza lole ya nyemba yopita ku boma, kenaka matola mpaka pa Lumbadzi, ndipo ndinafika kunyumba dzuwa litangolowa, nsapato zolemera ndi katondo. Chiyambire ulendo umenewo, galimoto ikabwera ndi kanyali koyaka ndimayamba ndaizungulira kaye n'kuyang'ana matayala ndisanatulutse mita, ndipo mwini wake akayamba kunditchulira amene akumuganizira, ndimamuuza kuti adikire ndiyeze. Mkazi wanga anandifunsa ngati galimoto ija inakwera. Ndinati inakwera, ndipo mwana uja sanayende wapansi.